Timitengo ta a Chabwera

A Nickson Chabwera anabadwira kumapiri a kwa Kanduku, koma ukulu wawo wonse anaudyera pamsewu. Nkhondo itatha ku Mozambique, msewu wa ku Tete utatsegukanso, iwo anali mmodzi mwa madalaivala odutsa pachipata cha Mwanza ndi mathiraki opita ku Joni ndi ku Durban. Anali munthu wamtali, wa mawu aakulu, wokonda kuseka mpaka kugwira nthiti. Chipwitikizi ankachidziwa chongokwanira kupempha madzi, kukangana ndi apolisi a pamsewu ndi kugula nkhuku yootcha.

Anakwatira ku Thambani. Mkazi wawo, a Deliwe, anali mayi wochepa thupi, wosalankhulalankhula, koma wolimba pantchito ngati mwamuna. Monga mkamwini aliyense, a Chabwera anamanga kwawo kwa mkazi, pamalo amene a Timoti, mchimwene wa a Deliwe, anawalozera. Inali nyumba ya njerwa zootcha, yamalata, ya khonde lalitali loyang'ana kuphiri. Kuseri anadzala manachesi. Kunena zoona, iwo anangokumba mayenje ndi kubweretsa mbande. Wothirira, wopalira ndi wothamangitsa mbuzi anali a Deliwe. Mwana anali naye mmodzi, Iness. Ena anamwalira ali makanda, ndipo m'nyumbamo simunkakambidwa za iwo.

Ulendo wina ku Durban, akudikira kuti thiraki ipakiridwe, anakakhala pamthunzi kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu. Pawindo la ofesi panali mbale yadothi yosaya, ndipo m'mbalemo munali mtengo. Silinali duwa, sinali mbande. Unali mtengo weniweni, wa thunthu lokhakhala, nthambi zotambalala, mizu yokumbatira mwala, koma msinkhu wake wosafika ndi m'bondo momwe. Mwini wake anali mmwenye wachikulire wolandira katundu. Ataona kuti dalaivala waima pawindo kukamwa kuli yasa, anatuluka.

"Umenewu ndi wamkulu kuposa iwe," anatero mkuluyo. "Amautchula bonsayi. Anauyamba ndi bambo anga."

Anawafotokozera kuti amadula mizu, amatengulira nthambi, ndipo amazipinda ndi waya zikadali zanthete. A Chabwera anamvetsera, kenako anafunsa, "Ndiye mtengo wosapereka mthunzi, wosakwana ndi nkhuni zomwe, ntchito yake n'chiyani?"

"Kuuyang'ana," anayankha mkulu uja.

A Chabwera anaseka mpaka misozi. Atafika ku Thambani nkhaniyi anaikamba pamsika, pamaliro, paliponse, monga chitsanzo cha zochita za anthu okhuta.

Panapita zaka. Iness anamaliza sukulu n'kukakwatiwa ku Blantyre. Manachesi anakula, ndipo nyengo yozizira ikafika nthambi zinkachita kuchirikizidwa ndi mphanda. Ndiye m'mawa wina pachipata cha Mwanza, ali pamzere wa mathiraki, a Chabwera anatsika kuti aitane mayi wogulitsa nthochi. Anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Mwendo wamanzere unangopindika wokha, iwo khu! pafumbi. Anzawo anawathamangira nawo kuchipatala cha pa boma. Moyo unatsala, koma mbali yonse yakumanzere inafa. Anabwerera ku Thambani atagona pamatiresi kumbuyo kwa pikapu, a Deliwe atawagwira mutu kuti usagunde m'mabampu.

Miyezi yoyamba inali yowawa. M'mawa a Deliwe ankawasambitsa, kuwaveka, n'kuwakhazika pampando pakhonde. Madzulo ankawalowetsa. Madalaivala anzawo anabwera kudzawaona poyamba, ndi shuga ndi nkhani za pamsewu, kenako anayamba kungotumiza moni, kenako moni womwe unaleka. Mawu anayamba kubwerera pang'onopang'ono, olemera, okoka, koma a Chabwera sankafuna kuwagwiritsa ntchito. Munthu amene ankamveka kuchokera kumsika tsopano ankangoyankha ndi mutu. Masiku ena ankakana kudya. A Deliwe ankatenga mbale n'kukaima kuseri pakati pa manachesi nthawi yaitali.

Pakhoma la bafa, pamene simenti inang'ambika, panamera kachere. Mbalame iyenera kuti ndiyo inasiyapo njere. Kanali kamtengo kofinyika, kokhota, ka masamba ang'onoang'ono, mizu yake italowa mumng'alu ngati zala. A Chabwera ankakaona tsiku lililonse chifukwa kanali moyang'anizana ndi mpando wawo. Tsiku lina a Deliwe anabwera ndi chikwanje.

"Kang'amba khoma aka," anatero, akukagwira pakhosi.

"Musadule!"

A Deliwe anatembenuka. Chibwerere kuchipatala, amuna awo anali asanatulutsepo mawu omveka bwino chonchi.

"Mwati bwanji, bambo a Iness?"

"Musadule. Kachotseni bwinobwino, ndi mizu yomwe. Ndipatseni beseni lobooka lija."

A Deliwe sanafunse kuti n'zachiyani. Anagumula njerwa imodzi ndi nsonga ya chikwanje, anakachotsa, anabweretsa beseni lakale lotsukiramo mbale ndi dothi la pachulu. A Chabwera anagwira kamtengoko ndi dzanja lawo lamoyo, a Deliwe akuthira dothi. Tsiku limenelo anadya chakudya chonse.

Chiyambi chake chinali chimenecho. Mphunzitsi analibe, koma zokumbukira za mmwenye uja, ndipo zambiri anali ataziseka m'malo mozimvetsa. Choncho analakwitsa kambiri. Kabwemba koyamba kanavunda mizu chifukwa dothi la pachulu linkasunga madzi. Kamthethe kanauma chifukwa anakadula mizu dzuwa lili phwee, mwezi wa Okutobala. Pang'onopang'ono anaphunzira kusakaniza dothi ndi mchenga wa kumtsinje ndi zinyenyeswa za makala, kuboola mabeseni pansi ndi msomali, ndi kudikira kuti mphukira ziyambe kutupa asanakhudze mizu. Waya ankamutenga m'matayala otha. Lumo linali la a Deliwe, lodulira nsalu, ndipo silinabwererenso m'dengu la zosokera.

Ntchito imeneyi ndi ya manja awiri, iwo anali ndi limodzi. Kupinda nthambi kumafuna wina agwire thunthu, wina azungulize waya. Ndiye a Deliwe akaweruka kumunda ankakhala pamkeka pafupi ndi mpando, beseni lili pakati pawo.

"Gwirani apa. Ayi, m'munsi pang'ono. Musafinye, mayi a Iness, si nkhuku."

"Mukandilalatira ndikusiyirani."

"Pepani. Pindani pang'ono, ngati mukuyang'anitsa kuphiri. Basi, basi! Pomwepo."

Pa zaka zonse za ukwati wawo anali asanakhalepo pamodzi nthawi yaitali chotero. Kale a Chabwera ankafika, kugona, kusiya katundu, n'kunyamuka. Tsopano anayamba kudziwa zinthu zimene mwamuna amayenera kuzidziwa akadali mnyamata: kuti mkazi wawo amaimba chapansipansi akamagwira ntchito yosamala, kuti amaluma mlomo akamaopa kuthyola chinthu, kuti chala chawo chaching'ono chinakhota atagwa mumtengo wa mango ali mtsikana.

Si kuti zonse zinali zokoma. Chilimwe chikafika pachimake, mjigo unkatulutsa madzi modontha, ndipo amayi ankaima pamzere mpaka dzuwa kufika pamutu. Tsiku lina a Deliwe anafika ndi ndowa, anaitula pakhonde, analowa kukachotsa nkhata. Potuluka anapeza amuna awo akutunga ndi kapu, kuthirira timitengo.

"Madzi amenewo ndi akumwa!"

"Kafota aka. Taonani masamba."

"Inenso ndafota! Khosi langali mukuliona? Manachesi amene amatidyetsa sindinawathire ndi dontho lomwe, inu mukumwetsa zinthu zosabereka?"

A Chabwera anaika kapu pansi. Tsiku lonse anangoyang'ana dzanja lawo lakufa lili pamwendo. Kuyambira pamenepo anakana kusamba ndi madzi ambiri. Ankati awapukute ndi nsalu, ndipo otsala m'beseni apite ku timitengo. A Deliwe nawo anayamba kusunga madzi otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba m'chitini, n'kumachisiya pafupi ndi mpando. Za mkangano uja sanazitchulenso.

Anthu a m'mudzi anali ndi maganizo awoawo. Ena ankati mutu wa a Chabwera unasokonekera ndi matenda aja. Ena ankanong'ona kuti mitengo yosakula si yabwino pakhomo, mwina pali chimene akumanga. A Timoti, amene anali mkulu wa mpingo, anabwera okha kudzaona. Anayenda pakhonde ponse manja ali kumbuyo, akuwerama pa beseni lililonse.

"Alamu, timeneti tibereka liti?"

"Tina sitibereka."

"Nanga mumatisungiranji?"

A Chabwera anaganiza kaye. "Achimwene, ine ndadutsa milambe ya ku Tete kosawerengeka. Mukandifunsa kuti nthambi ya mlambe imachoka bwanji pathunthu, sindingakuuzeni. Ndinkangoona phula. Pano ndikuona. Taonani mtengo uli pathanthwe paphiri apo. Mphepo imauwomba kuchokera kum'mawa, ndiye unagonera mbali imodzi, koma nsonga yake inadzukanso. Ndikufuna kachere aka kakhale chimodzimodzi."

A Timoti anayang'ana kuphiri, anayang'ana m'beseni, anapukusa mutu. Koma Loweruka lotsatira anabwera ndi njinga, anawakweza alamu awo pakaliyala, n'kuwakankha mpaka kumtsinje kuti akaone mikuyu ya m'mphepete mwa madzi. A Chabwera anakhala pamwala mpaka dzuwa kupendeka, akusisita makungwa, akufunsa maina a mitengo imene anaiwala chichokere kwawo ali mnyamata. Pobwerera ananyamula kamtengo kena kamene ng'ombe zinakapondaponda panjira yopita kumadzi.

Pakati pa timitengo tonse panali kanachesi. Kanali mbande yolumikiza imene inatsalira kumunda chifukwa inali yopunduka, ndipo a Deliwe ndiwo anaibweretsa pakhonde. Kameneka ankakatcha kawo. Ankakathirira okha, ankachotsa nsabwe za pamasamba ndi chala, ndipo sankalola kuti amuna awo akadule popanda iwo.

Matenda a a Deliwe anabwera mwakachetechete, ndipo anawabisa. Anayamba kutula ndowa panjira kuti apume. Kenako anayamba kukhala pansi popalira. A Chabwera anaona kuti manja amene ankagwira thunthu akunjenjemera, anafunsa, anayankhidwa kuti ndi kutopa chabe. Iness atabwera pa Khirisimasi anangowaona kamodzi mayi ake n'kuyamba kulira. Anawatengera kuchipatala cha pa boma, ndipo kumeneko anawatumiza ku Blantyre. Inali khansa, ndipo inali itafalikira kale.

A Chabwera sanathe kupita. Munthu wofunika kunyamulidwa sangakadikirire wodwala. Anatsala pakhonde, akazi a a Timoti akuwabweretsera chakudya ndi madzi. Ndi a Deliwe ankalankhulana pafoni ya Iness, koma mawu a onse awiri anali ofooka, ndiye nthawi zambiri ankangomverana kupuma.

"Kanachesi kanga mukukathirira?" ankafunsa a Deliwe.

"Ndikukathirira. Kachita maluwa."

"Musandinamize."

"Zoona. Khonde lonse likununkhira."

Maluwa ambiri anayoyoka, koma limodzi linagwira. Chipatso chinakula pang'onopang'ono, chachikulu kuposa mphamvu ya nthambi yake, moti a Chabwera anachichirikiza ndi kamtengo ka mphanda, monga ankachitira a Deliwe kumunda. Chitayamba kupsa, a Timoti anali kukonzeka kupita ku Blantyre kukaona mlongo wawo. A Chabwera anachithyola ndi masamba ake awiri, anachikulunga m'mpango, n'kuwapatsa.

A Timoti atabwerako anakhala pansi pakhonde, chipewa chili m'manja.

"Kudya sakudya, alamu. Koma anachilandira. Anachikanda ndi chikhadabo n'kuchiika pamphuno. Akuti mwachithyola msanga, mukanadikira pang'ono chikanatsekemera."

A Chabwera anaseka, koyamba m'miyezi yambiri, ndipo kusekako kunasanduka kulira. Sabata yomweyo a Deliwe anamwalira.

Maliro anachitikira ku Thambani. A Chabwera anthu anawanyamula pampando mpaka kumanda. Atabwerera, khonde linali lomwelo, mabeseni ali pamzere, koma panalibe wogwira thunthu. Anayesa kupana beseni ndi bondo n'kukoka waya ndi mano. Nthambi inathyoka. Anayesanso tsiku lina, inathyokanso ina. Analeka kupinda, anatsala ndi kuthirira.

Patapita miyezi, abale a mbali zonse anakumana pabwalo la nyumbayo kuti amasule mkamwini, monga zimakhalira mkazi akamwalira. Panalibe mkangano. A Timoti analankhula mwaulemu, maso ali pansi. Anati nyumba ndi munda wa manachesi zikhala za Iness, ndipo alamu awo akafuna kukhala palibe angawathamangitse. Koma a Chabwera anali ataona kale mmene akazi a a Timoti, amenenso anali okalamba, ankapumira akatula ndowa yachiwiri. Anali atamva mdzukulu wina wa pamudzipo akufunsa kuti malo a kuseri adzagawidwa liti. Iness anawachonderera kuti apite naye ku Blantyre, koma iye ndi mwamuna wake ndi ana ankakhala m'zipinda ziwiri zalendi. Kumbali yakwawo kunabwera mlongo wawo wamkulu, a Elsie, mayi wamasiye wa kwa Kanduku.

"Tiyeni kwathu, achimwene," anatero a Elsie. "Pogona palipo."

Tsiku lonyamuka, a Chabwera anapempha kuti awanyamulire kuseri. Anakhala pakati pa manachesi amene anakumbira mayenje ali ndi mphamvu, mitengo italiitali tsopano, ya makungwa okalamba. Anaiyang'ana umodziumodzi. Imeneyo sakanatha kuitenga. Pikapu itafika anakweza matiresi, mpando, chikwama cha zovala, ndi mabeseni onse. Kanachesi anakafungatira pamwendo. Msewu unali woipa, ndipo pofika kwa Kanduku mabeseni ena anali atagubuduka, dothi lili mbwee.

Kwawo kunali kwachilendo. Anzawo a ubwana anali atamwalira kapena kusamuka, ndipo achinyamata ankangowadziwa kuti ndi alongo a a Elsie olumala aja. Nyumba inali yaudzu, khonde lake lalifupi, lopanda mpanda. Tsiku lina a Elsie ali kumunda, a Chabwera anatopa n'kuwodzera pampando. Podzidzimuka anapeza mbuzi zili pakhonde. Anakuwa, anaponya ndodo, anayesa kuimirira n'kugwa chafufumimba. Anagona pamenepo akuyang'ana mbuzi ikumaliza kanachesi, masamba, nthambi, mpaka kusenda khungwa.

A Elsie anawapeza ali pansi, fumbi lili kumaso. Anawadzutsa, anawapukuta.

"Pepani, achimwene. Kaphukanso mwina."

"Sikaphuka. Yasenda mozungulira."

Sikanaphukedi. A Elsie, amene mpaka pamenepo ankaona timitengoto ngati zoseweretsa, anadula nsungwi n'kumanga thandala lalitali pansi pa mtengo wa mango, n'kukweza mabeseni otsala pamwamba. Anaphunziranso kugwira thunthu, ngakhale manja awo anali olemera ndipo ankafulumira. A Chabwera sankawalalatira. Ankangoti, "Zikomo, achemwali, pakwana," ngakhale pasanakwane.

Anakhala kwa Kanduku nyengo zingapo za mvula. Analankhula mochepa, koma sanabwererenso ku kukana chakudya. M'mawa uliwonse ankapempha kuti mpando uikidwe pafupi ndi thandala, n'kumatembenuza mabeseni kuti mbali zonse zione dzuwa. Anthu opita kumunda ankaima kuwapatsa moni, ndipo ena anayamba kuwabweretsera timitengo topunduka timene apeza m'mathanthwe. Iwo ankalandira tonse, ngakhale ankadziwa kuti sadzationa titakhwima.

Anamwalira mwezi wa Julaye, kukuzizira, atadwala chifuwa kwa nthawi yochepa. Anaikidwa kwa Kanduku, kutali ndi manda a akazi awo. Iness anatenga beseni limodzi kupita nalo ku Blantyre, koma kamtengoko sikanapirire kumeneko. Otsalawo a Elsie anawathirira mmene akanathera, mpaka chiswe chinadya miyendo ya thandala, lonse n'kugwa. Timitengo tambiri tinauma chilimwe chomwecho. A Elsie anakokera beseni la kachere kuseri kwa nyumba, pamene amatayira madzi otsukira mbale, n'kulisiya pomwepo. Kudula mizu sankadziwa, ndipo lumo anali atabweza kwa Iness. Mizu inatulukira m'mabowo a pansi n'kulowa m'nthaka. Pano kachereyo wapitirira denga, beseni linang'ambika n'kutsalira m'thunthu, ndipo a Elsie amadandaula kuti mizu yake iwagwetsera khoma. A mpingo anadzipereka kuti adzawadulire, koma iwo anati adikire kaye.